Foni m'thumba, dzanja pa bala

Lero tisiye kaye za reti ya randi ndi mizere ya pa boda. Tikambe za magazi, chifukwa pa katundu yense amene timayenda naye, ndi okhawo amene akatayika sitingabwerere kukaodanso.

Mfundo yathu ndi iyi: pa misewu imene ife timayenda, moyo wa munthu wovulala umayamba wakhala m'manja mwa amene ali naye pafupi, dokotala amabwera pambuyo. Tiwerenge mtunda. Kuchoka pa Zobue kukafika mu Tete ndi makilomita opitirira 100. Kuchoka pa Nyamapanda kukalowa mu Harare ndi opitirira 200. Harare kukafika pa Beitbridge ndi pafupifupi 600, ndipo ambiri timadutsamo usiku. Zipatala zilipo m'njiramo, inde, koma kuti ambulansi imve, inyamuke, ikupezeni, ola latha, mwina awiri. Chikhalirecho mtsempha waukulu wa pa ntchafu ukaduka, munthu akhoza kumwalira pasanathe mphindi 5. Tonse tikukumbukira basi ija inagwera kuphedi pa N1 pafupi ndi Louis Trichardt mu Okutobala 2025, pamene anthu opitirira 40 anamwalira, Amalawi ndi a ku Zimbabwe. Pa ngozi zotere pali ena amene ngakhale dokotala akanakhala m'basi momwemo sakanawapulumutsa. Ife tikukamba za enawo, amene amatuluka m'galimoto akupuma, akulankhula, kenako n'kutsirizika m'mbali mwa msewu anthu atawazungulira, mafoni ali m'mwamba.

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Ndi chigubu chimodzi chija cha mafuta ophikira, basi. Mtima umazunguliritsa chigubu chonsecho pafupifupi kamodzi pa mphindi iliyonse, kupereka mpweya ku ubongo, ku impso, ku chiwindi ndi kwina konse. Madalaivala mukudziwa chimene chimachitika oyilo akamadontha: injini siyima pompo, imayendabe, mpaka mphamvu yokankha oyiloyo itatsika, kenako zonse zimaumira limodzi. Thupi nalonso limapirira. Magazi akayamba kuchepa, limachita ngati wageni amene ndalama zamuthera pa boda: amayamba walipira dyuti ndi thiransipoti, zina zonse zidikire. Thupi limafinya timitsempha ta pakhungu, ta m'matumbo ndi ta m'manja ndi m'miyendo kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi ku mtima. N'chifukwa chake munthu wotaya magazi amazizira manja, amatuwa milomo, nkhama ndi m'kati mwa zikope zimayera, ndipo amachita thukuta lozizira.

Achipatala amawerenga motere. Munthu akataya mpaka 750 ml, ngati mabotolo awiri ndi theka a Fanta wa galasi, sizioneka kwenikweni. Akafika pakati pa 750 ml ndi lita imodzi ndi theka, mtima umathamanga, amapuma mofulumira, sakhazikika, amamva ludzu. Akadutsa pamenepo kulowera ku malita 2, ndi pamene BP imagwa ndipo mutu umayamba kusokonezeka. Kupitirira malita 2 ndiye kuti imfa ili pakhomo. Onani kuti BP imagwa mochedwa. Mnyamata wamphamvu, wa zaka 25, wonyamula mabelo, thupi lake limabisa vutoli nthawi yaitali kuposa la agogo, kenako amangogwa kamodzin'kamodzi. Choncho tikaona wovulala akubwebweta, akukalipa, akufuna kudzuka kuti azipita, tisafulumire kunena kuti waledzera kapena ndi wamakani. Nthawi zambiri ndi ubongo umene ukusowa mpweya.

Magazi ali ndi njira yawo yodzitsekera. Mtsempha ukang'ambika umadzifinya, tizidutswa ting'onoting'ono ta m'magazi totchedwa ma platelet timathamangira pamalopo n'kumatirirana, kenako pamalukika timaulusi ngati ukonde wa usodzi, magazi n'kuundana. Pa bala laling'ono izi zimakwana. Pa bala lalikulu magazi amatuluka mwamphamvu n'kumakokolola chilichonse chimene chikufuna kumata, ngati mmene madzi osefukira amakokololera matumba a mchenga. Ntchito ya dzanja lathu ndi kuletsa mphamvu imeneyo kuti ukonde uja upeze mpata wolukika. Palibenso matsenga ena.

Ndiye mukaona magazi akuthamanga ngati paipi yoboola, kapena apanga chithaphwi pansi, kapena anyowetsa chovala chonse, tengani chitenje, tisheti, thawulo, chilichonse choyera chimene chili pafupi, chipindeni, ikani pa bala penipenipo, ndipo kanikizani ndi manja onse awiri, thupi lanu lonse litsamire pamenepo. Mphindi 10 zathunthu, osasuzumira. Apa ndi pamene ambiri timalephera: timakanikiza pang'ono, n'kutukula nsalu kuti tione ngati asiya, ndipo potukulapo timang'amba ukonde uja, ntchito n'kuyambiranso. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba, dzanja lisachoke. Bala likakhala lakuya, monga la mpeni pa mphechepeche, m'khwapa kapena pa phewa, lowetsani nsaluyo m'kati mwa balalo ndi zala mpaka lidzaze, kenako kanikizani. Adzakuwa, adzakutukwanani, musasiye. Koma m'chifuwa ndi m'mimba musalowetsemo kanthu, ingophimbani ndi kuthamangira ku chipatala. Ndipo ngati mpeni, chitsulo kapena galasi lalikulu likadali m'thupi, musazule. Ndilo likutseka bowo. Ikani nsalu m'mbali mwake kuti lisagwedezeke.

Dzanja likalephera pa mkono kapena pa mwendo, kapena chiwalo chaduka, pamafunika chomangira cholimba chimene achipatala ndi asilikali amachitcha tourniquet. Chogula ndiye chabwino koposa, koma chikasowa, pindani chitenje kuti chikhale chotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi. Chizunguliritseni masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, kumbali ya ku thupi, osati pa bondo kapena pa chigongono. Mangani mfundo, ikani sipanala kapena kamtengo kolimba pa mfundopo, mangani mfundo ina, kenako potokolani sipanalayo mpaka magazi asiyiretu. Imangirireni kuti isabwerere. Lembani nthawi pa nsalu kapena pakhungu, ndipo musamasule mpaka achipatala atalandira munthuyo. Waya, chingwe cha nayiloni ndi malabala omangira katundu zimadula mnofu. Lamba wa thalauza nthawi zambiri sathina mokwanira, ndipo chomangira chosathina n'choipa kuposa kusamanga: chimatseka mitsempha yobweza magazi ku mtima koma yobweretsa ija ikadali yotsegula, ndiye bala limakha kwambiri. Ena amaopa kuti munthu aduka mwendo. Chomangira chikakhala maola osapitirira awiri, kawirikawiri mwendo umapulumuka.

Tsopano za bulekifuludi. Abale athu madalaivala ndi amakaniko, tikulemekezani, mwatifikitsa kutali, koma izi zisiyeni. Bulekifuludi ndi mankhwala a galimoto, amawotcha mnofu umene ukufunika kuti bala lipole. Chimodzimodzi dothi, phulusa, fodya, khofi, mchere, petulo. Amene amachitira umboni kuti zinawathandiza, bala lawo linali laling'ono, likanasiya lokha. Pa mtsempha waukulu zonsezi zimangotayitsa mphindi, ndipo dothi limalowetsa kafumbata. Kenako namwino ayambe kukolopa zonsezo asanasoke.

Koma magazi amene atitengera anthu ambiri mwakachetechete ndi amene saoneka, otayikira m'kati. Apa tikhalepo pang'ono. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena imodzi ndi theka ikhoza kutayikira m'mnofu popanda dontho limodzi pansi. Ntchafu imangotupa n'kulimba. Mafupa a m'chiuno akasweka, malita angapo amalowa m'kati. Chifuwa ndi mimba ndi zigubu zazikulu zokwana kumeza magazi amene angaphe munthu. Dalaivala akamenyetsa nthiti pa chiwongolero, kapena wokwera akaponyedwa pa chitsulo cha mpando, chiwindi chimene chili pansi pa nthiti za kumanja kapena kapamba amene ali pansi pa nthiti za kumanzere akhoza kung'ambika. Ndipo ife amene tinakulira kumene malungo ndi a chaka ndi chaka, ena mwa ife kapamba ndi wotupa kale, sachedwa kuphulika ngakhale kumenyedwako kukhale kochepa. Nthawi zina amayamba wadontha pang'onopang'ono, n'kudzaphulika patapita maola kapena masiku, munthu atafika kale ku Lilongwe akugulitsa.

Zizindikiro zake: mimba ikupweteka ndi kulimba kapena kufufuma, kupweteka pa nsonga ya phewa la kumanzere pamene phewalo silinavulale, chizungulire akangodzuka, mtima kuthamanga, manja ozizira, ludzu losatha, mkodzo wa magazi. Pa mutu napo pali msampha wake. Munthu akhoza kukomoka kwa kanthawi, n'kutsitsimuka, n'kumacheza bwinobwino, pamene magazi akudzadza pang'onopang'ono pakati pa chigaza ndi ubongo. Akayamba kumva mutu kwambiri, kusanza, kusinza kosadzutsika, ndiye kuti nthawi yatsala pang'ono. Munthu aliyense amene anakomoka pa ngozi akaonedwe ku chipatala, ngakhale aseke bwanji.

Vuto lathu ife amalonda timalidziwa. Basi ikagwa, wovulala amene akutha kuima amati, "Ndili bwino, mundisiye ndiwerenge katundu wanga." Sitikumuseka. M'katundumo muli ngongole ya ku banki m'khonde, muli fizi ya ana, ndipo tonse tinaonapo mmene katundu amasowera pa malo a ngozi. Dalaivala nayenso amakakamira pa thiraki poopa bwana ndi a inshuwalansi. Koma ndi anthu amenewa amene amakhala pa chikwama maola atatu akulondera, kenako n'kugwa. Maganizo athu ndi akuti m'basi iliyonse, ife amene timadziwana tizigwirizana tisananyamuke pa Park Station kapena pa Wenela: zikavuta, amene sanavulale alondera katundu wa mnzake, ajambula zikwama, aimbira abale, ndipo wovulala akwera galimoto yoyamba yopita ku chipatala. Munthu savomera kuchoka ngati sakudziwa amene watsala ndi katundu wake. Kumukalipira sikuthandiza, chothandiza n'kumuuza dzina la amene akulondera.

Palinso abale athu amene mapepala awo anatha kapena alibiretu, amene amaopa chipatala cha ku South Africa kuposa bala. Tikudziwa kuti pa zipata za makiliniki ena pakhala pakuima anthu obweza alendo, sitikubisa. Koma gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limaletsa kumana munthu aliyense chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo silitchula pasipoti. Wobayidwa ndi mpeni ku Hillbrow kapena ku Mayfair asamangidwe nsanza m'chipinda kudikira kuti kuche. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi. Za mapepala mudzakamba munthu ali moyo.

Podikira thandizo, mugonekeni pansi. Ngati mukukayikira khosi kapena msana, musamukoke pokhapokha pali moto kapena magalimoto ena akhoza kumuponda. Ngati chiuno chikuoneka kuti chasweka, zunguliritsani chitenje mothina pa mafupa a m'mbali aja, pamene pamakhala matumba a thalauza, ndipo mangani mapazi pamodzi. Adzapempha madzi mochonderera, ndipo mtima wathu wachifundo umathamangira ku botolo kapena ku Coca-Cola. Musamupatse. Akhoza kusanza n'kutsamwa, ndipo ngati akufunika opaleshoni, mimba yodzaza imavutitsa pomugoneka tulo. Nyowetsani milomo yokha. Mowa ndiye ayi ndithu.

Chimene tiyenera kumupatsa ndi bulangeti. Anthu ambiri sadziwa kuti magazi ozizira saundana bwino. Munthu akataya magazi amazizira, akazizira magazi amalephera kuundana, akalephera kuundana amatayika ochuluka, iye n'kuziziranso. Kuwonjezera apo ziwalo zikasowa mpweya zimatulutsa asidi amene amawononganso kuundanako. Zinthu zitatuzi zikagwirana, ngakhale madokotala m'chipinda cha opaleshoni amalimbana nazo movutikira. Usiku wa mu Juni kapena Julayi cha ku Masvingo kapena ku Polokwane, munthu wogona pa tara amazizira msanga. Yalani makatoni pansi pake, mufunditseni pamwamba. Ndipo ndani ali ndi mabulangeti ambiri pa msewu umenewu kuposa ife? Ng'ambani pulasitiki ya limodzi la ogulitsa aja. Tikambirana za mtengo wake bwino lino.

Lembaninso nthawi imene ngozi yachitika ndipo muwauze achipatala. Pali jakisoni wotchedwa tranexamic acid amene amaletsa magazi oundana aja kusungunuka. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH-2, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anachitika pa anthu ovulala opitirira 20,000 m'mayiko 40, ndipo anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa imfa. Koma amagwira ntchito akaperekedwa pasanathe maola 3, ndipo ola loyamba ndiye labwino koposa. Maola atatu amenewo ndi omwe aja timathera pokangana kuti alipire galimoto ndani.

Ena muno mudzati, "Ukagwira wovulala, apolisi akusandutsa mboni, ulendo wonse waima." Zimachitika, sitikana, ndipo m'dziko la eni, chilankhulo chosadziwa, ndi chinthu chotopetsa. Koma tsiku limodzi lotayika pa polisi timalitaya kale kangati pa boda netiweki ikagwa? Ena mudzati HIV. Kachilomboka sikalowa pa khungu labwinobwino lopanda chilonda. Valani magolovesi, akasowa valani majumbo m'manja, mukamaliza sambani ndi sopo. Ngati magazi akugwerani m'maso, m'kamwa kapena pa chilonda, pitani ku chipatala mukapemphe PEP mwamsanga, pasanathe maola 72.

Si ngozi zokha zimene zimatayitsa magazi pa ulendo. Madalaivala ambiri amakhalira Grand-Pa, Brufen ndi diclofenac chifukwa cha mutu ndi msana, pamimba pali njala, pamwamba pake chakumwa choletsa tulo, pofika pa malo ogona mowa. Grand-Pa muli asipirini, amene amafooketsa ma platelet aja kwa masiku angapo, ndipo mankhwala onsewa amakanda m'mimba mpaka zilonda. Chimbudzi chikakhala chakuda bii ngati phula, chonunkha modabwitsa, kapena masanzi akakhala ngati khofi wosasungunuka, amenewo ndi magazi. Imikani thiraki. Kukomoka uli pa chiwongolero cha matani 30 si nkhani ya iwe wekha. Amayi anzathu a geni, mwezi ukadumpha, kenako m'munsi mwa mimba mbali imodzi mukupweteka kwambiri, chizungulire, mwina timagazi pang'ono, ikhoza kukhala mimba yokhala mu chubu, ndipo ikaphulika magazi amatayikira m'kati. Tsikani pa tauni yoyamba imene ili ndi chipatala, osati kulimba mtima kuti mukafike kaye kunyumba. Chimodzimodzi amene wangobereka kumene kapena wapita padera, ngati akunyowetsa padi yathunthu pa ola limodzi, n'kubwerezanso.

Tikamufikitsa ku chipatala, dzanja lathu lathera pomwepo, koma diripi ya madzi siyinyamula mpweya. Amene wataya malita awiri amafunika magazi, ndipo magazi alibe fakitale ku China kapena ku Dubai. Amachokera m'mikono ya anthu. Ku Malawi amatolera ndi a Malawi Blood Transfusion Service, ku South Africa a SANBS, ku Zimbabwe ndi ku Zambia nakonso kuli mabungwe awo. Kwathu gawo lalikulu la magazi limachokera kwa ana a sukulu, ndiye sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa. Mu Disembala, pamene mabasi athu adzaza mpaka pakhomo ndipo msewu wa Beitbridge sugona, ndi nthawi yomweyo imene ana ali pa holide. Kunena zoona zikuchititsa manyazi kuti ife akuluakulu amene tili pamsewu mwezi ndi mwezi tizidalira mkono wa mwana wa Fomu 3. Mantha a anamapopa aja amene anaphetsa anthu osalakwa cha ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 asatitsekereze. Amatenga pafupifupi 450 ml, osakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a chigubu chija, thupi limabweza madzi ake pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo magazi enieniwo pa masabata angapo. Madalaivala, perekani tsiku limene mukupuma, osati tsiku lonyamuka.

Pomaliza pempho kwa eni mathiraki, eni mabasi ndi ma adimini athu. M'galimoto iliyonse mukhale kachikwama ka magolovesi, mabandeji akuluakulu, nsalu zoyera zothira pa bala, sizasi, tochi, cholembera ndi tourniquet imodzi kapena ziwiri. Kabokosi kaja kongoonetsa apolisi pa rodibuloko, kokhala ndi mapulasitala atatu ndi panado wotha ntchito, sikangaletse mtsempha. Kachikwamako kazikhala kuseri kwa mpando wa dalaivala, osati pansi pa katundu mu ngolo ya kumbuyo, ndipo kondakitala azidziwa pamene kali. A Red Cross ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba m'mayiko athu ambiri. Ma adimini atafunsa mtengo wa tsiku limodzi la maphunziro ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, tikhoza kusonkherana monga timachitira pa maliro. Amene muli okonzeka lembani dzina la tauni yanu m'munsimu kuti tidziwe poyambira.